Atembenuzeni Agogo Chilonda Chisanabwere

Tsiku lina tikuyendera odwala m'mudzi, tinafika pakhomo pamene agogo ena anali chigonere kwa milungu itatu atadwala sitiroko. M'nyumba munali mosesedwa bwino, agogowo anali osamba, phala ankamwetsedwa nthawi yake. Koma titathandizana ndi mwana wawo kuwatembenuza, tinapeza chilonda kumunsi kwa msana, pamwamba pa matako. Mayiyo anagwira pakamwa. "Ine ndimaopa kuwagwedeza, ndimati ndiwapweteka," anatero. Chikondi chinalipo pakhomopo, kungoti panalibe yemwe anawauza kuti kugona malo amodzi kumaboola thupi.

M'maiko monga Britain, kumene abale athu ena amagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba, chilonda chotere chikaoneka amachilemba m'buku ndi kufufuza pamene palakwika. Kwathu kuno nyumba zoterozo n'zochepa. Namwino wa agogo ndi mwana wawo, mpongozi kapena mdzukulu. N'chifukwa chake zimene anamwino amachita popewa zilondazi tiyenera kuzidziwa tonsefe.

Chilondacho chimayamba bwanji?

Munthu akagona, thupi lake limatsamira pa malo amene fupa lili pafupi ndi khungu: kumunsi kwa msana, m'mbali mwa chiuno, zidendene, zigongono, mapewa ndi nkhongo. Mnofu wapanikizika pakati pa fupa ndi mphasa, ndiye magazi safika. Ife olimba timatembenuka tokha ngakhale tili m'tulo. Koma wokalamba wofooka, wofa ziwalo kapena amene thupi linachita dzanzi chifukwa cha matenda a shuga, satembenuka, mwinanso samva n'kupweteka komwe. M'maola ochepa chabe mnofu umayamba kufa, kawirikawiri kuchokera mkati. Pamene chilonda chikuonekera kunja, pansi pake pamakhala pataonongeka kale. Chikalekereredwa chimafika pa fupa, ndipo tizilombo tikalowa m'magazi munthu amatha kumwalira.

Mu 1987 anamwino awiri a ku America, Barbara Braden ndi Nancy Bergstrom, anafalitsa njira yodziwira wodwala amene ali pa chiopsezo, ndipo ikugwirabe ntchito m'zipatala zambiri. Imafunsa zinthu 6, zomwe ifenso tingadzifunse pakhomo. Kodi agogo amamva kupweteka? Kodi khungu lawo limakhala lonyowa? Amadzuka n'kuyenda? Amatha kudzitembenuza okha? Akudya mokwanira? Nanga amakhuzika pogona tikamawasuntha? Mayankho oipa akachuluka, tisadikire chilonda.

Khungu lathu silifiira

Mabuku ambiri amati chizindikiro choyamba ndi kufiira kwa khungu. Pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, ndipo amene akudikira kuona kufiira amachedwa. Tsiku lililonse powasambitsa, tsegulani zenera kuti muone ndi kuwala kwa dzuwa. Yang'anani malo amene ada kwambiri kapena akunyezimira kusiyana ndi khungu lozungulira. Kenako gwirani ndi dzanja: kodi pakutentha, pakuzizira, palimba kapena pafewa modabwitsa? Yerekezani chidendene china ndi chinzake. Mukapeza malo otero, agogo asagonerenso pamenepo mpaka pabwerere mwakale. Musapasisite, chifukwa kutikita mnofu wovulala kumaonjezera bala.

Maola awiri alionse

Mankhwala aakulu ndi kutembenuza. Amene sangathe kusuntha yekha timutembenuze maola awiri alionse, usana ndi usiku: kumanzere, chagada, kumanja. Anamwino amalemba nthawi yomwe atembenuza wodwala. Ifenso tikhome pepala pakhoma, aliyense azilembapo. Mutu umodzi susenza denga, choncho gawanani maola a usiku kuti mayi mmodzi asagwe ndi ntchito.

Powagoneka cham'mbali, asatsamire pa fupa la chiuno penipeni. Apendekeni pang'ono chabe, muike pilo kumsana ndi pilo wina pakati pa mawondo. Akagona chagada, ikani pilo pansi pa miyendo, kuyambira kumunsi kwa mawondo, kuti zidendene zikhale m'malere osakhudza pogona. Kumutu musakwezeko kwambiri kupatula nthawi ya chakudya, chifukwa thupi likamatsetsereka mnofu umang'ambika mkati. Akakhala pampando, asapitirire ola limodzi osasunthidwa. Musawakhazike pa nkhata kapena chubu cha galimoto: zimapanikiza mozungulira n'kutsekereza magazi.

Powasuntha musawakoke. Yalani chitenje cholimba pansi pawo, anthu awiri agwire uku ndi uku, awanyamule. Mphasa yokha ndi youma. Ngati n'kotheka apezereni matiresi. Nsalu yoyala ikhale yosalala, yopanda makwinya kapena nyenyeswa za chakudya.

Ukhondo ndi chakudya

Mkodzo, chimbudzi ndi thukuta zimafewetsa khungu n'kuliotcha. Agogo akadzionongera, asambitseni nthawi yomweyo ndi madzi ofunda ndi sopo wosaluma, muwapukute mogunda pang'onopang'ono, osakhula, kenako pakani Vaseline mopepuka pa khungu lomwe lilibe bala. Ngati mwayala pulasitiki, ikani nsalu pamwamba pake. Ndipo pochita zonsezi tsekani chitseko, afundeni mbali imene simukusambitsa, ndi kuwauza chimene mukuchita. Amenewa ndi makolo athu, manyazi akadali nawo.

Thupi lowonda limachita zilonda msanga. Phala loyera lokha silikwanira. Thiranimo nsinjiro, ufa wa soya kapena mkaka. Apatseni nyemba, nandolo ndi mazira, komanso zipatso monga mapapaya, magwafa ndi malalanje. Okalamba ambiri samva ludzu, choncho madzi aziwapatsa pafupipafupi osadikira kuti apemphe.

Nthawi yothamangira kuchipatala

Khungu likang'ambika, likachita thuza kapena likada bii, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo kapena pitani kuchipatala msanga. Mukaona mafinya, fungo, kutentha thupi kapena agogo ayamba kusokonezeka, musagone nazo. M'chilondamo musathire phulusa, mankhwala otsukira mano kapena zitsamba.

Agogo aja anawatengera kuchipatala mawa lake. Chilondacho chinatenga miyezi kuti chipole, ndipo banjalo linavutika ndi maulendo okatsukitsa bala. Titabwererako tinapeza pepala la maola lili pakhoma, zidzukulu ziwiri zikunyamula agogo awo pa chitenje. Ngati pakhomo panu kapena kwa oyandikana nawo pali wokalamba amene ali chigonere, musadikire mawa. Lero lomwe, kukadali kowala, aoneni kumsana ndi kuzidendene.