Alembi odzisindikizira okha mabuku asenza mtolo wolemera

Lilongwe, Mana: Pakati pa anthu amene amalawirira m'mawa kudikira minibasi ku Area 24 mumzinda wa Lilongwe, ena amakhala atanyamula m'chikwama mabuku angapo amene analemba okha, kulipira okha kosindikiza ndipo akukagulitsa okha. Awa ndi alembi odziimira paokha, amene alibe kampani yowasindikizira mabuku koma amayendetsa ntchito yonse ndi ndalama za m'thumba mwawo.

M'madera monga Ngwenya, Area 23, Kawale, Biwi ndi Chinsapo ndi kosavuta kupeza golosale, chigayo kapena malo ojambulirako mapepala kusiyana ndi sitolo ya mabuku a nthano ndi ndakatulo. Choncho mlembi wokhala m'maderawa amadalira miyendo yake, foni yake ndi anthu omudziwa kuti buku lake lifike m'manja mwa owerenga.

Kale zinthu sizinkayenda chotere. Mabuku oyamba a m'Chichewa ankatuluka m'manja mwa amishoni. Buku la Nthondo, lomwe analemba mphunzitsi Samuel Josia Nthara, linasindikizidwa ku Nkhoma m'chaka cha 1933 litapambana mpikisano wa zolembedwa m'zinenero za mu Africa, ndipo chaka chotsatira linatuluka m'Chingerezi. Dziko litalandira ufulu wodzilamulira, alembi ankapereka zolemba zawo ku bungwe la CLAIM, ku kampani ya Dzuka kapena ku Popular Publications ya ku Limbe, ndipo bungwe la boma la Malawi Book Service linkafalitsa mabukuwo m'sitolo zake ndi m'sukulu. Mayina monga John Gwengwe, Ezra Chadza, Jolly Max Ntaba ndi Willie Zingani anadziwika kwambiri m'nyengo imeneyi.

Komabe khomo linali lopapatiza. Lamulo la m'chaka cha 1968 linapatsa bungwe lounika zofalitsa mphamvu zoletsa buku lililonse, ndipo mlembi ankalemba akuyang'ana uku ndi uku. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje lotchedwa Of Chameleons and Gods linasindikizidwa ku London m'chaka cha 1981, kenako linachotsedwa m'sitolo za m'dziko muno, ndipo mwini wake anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

M'nyengo yovutayo ndi mmene Aubrey Kalitera wa ku Blantyre anaonetsera kuti mlembi atha kudziyendetsera yekha ntchito. Buku lake la A Taste of Business linasindikizidwa ku Nairobi m'chaka cha 1976, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 iye anakhazikitsa kampani yakeyake ya Power Pen Books. Kudzera mu kampaniyi anatulutsa mabuku monga Why Father Why ndi To Ndirande Mountain With Love, nkhani za chikondi ndi za m'banja zochitikira m'malo amene owerenga ake ankawadziwa. Naye Steve Chimombo, yemwe anali mphunzitsi ku Chancellor College ndipo anamwalira m'chaka cha 2015, anakhazikitsa WASI ku Zomba, yomwe inkatulutsa magazini ya zaluso pamodzi ndi ena mwa mabuku ake, kuphatikizapo The Wrath of Napolo.

Ulamuliro wa zipani zambiri utayamba m'chaka cha 1994, mantha anachepa koma msika unasokonekera. Malawi Book Service inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo makampani osindikiza anaika mtima pa mabuku a sukulu. Chifukwa chake ndi chodziwikiratu: buku limene lavomerezedwa kuti ligwiritsidwe ntchito m'kalasi limagulidwa lambirimbiri nthawi imodzi, pomwe buku la nthano limagulidwa limodzilimodzi. Mlembi wachinyamata amene zolemba zake sizili pa silabasi amapeza makomo ambiri ali otseka. Apa ndi pamene ambiri amasankhira kudzisindikizira okha.

Ochepa kwambiri mwa alembi a m'dziko muno ndi amene amadya za kulemba kokha. Nthara anali mphunzitsi, Zingani ndi mtolankhani, Benedicto Wokomaatani Malunga anagwira ntchito ya mlembi wamkulu wa Yunivesite ya Malawi, pomwe Stanley Onjezani Kenani, amene anafika m'ndime yomaliza ya mpikisano wa Caine m'zaka za 2008 ndi 2012, ndi katswiri wowerengera ndalama. Alembi odziimira paokha a m'matauni a Lilongwe nawo ali chimodzimodzi: aphunzitsi, abusa, anamwino, ogwira ntchito m'boma, opuma pantchito ndi achinyamata amene anamaliza sukulu koma ntchito sinapezeke. Amalemba usiku kapena kumapeto kwa sabata, ena m'kope, ena pafoni, ndipo magetsi akathima ntchito imaima. Zimene amalemba ndi ndakatulo, nthano zazifupi, mabuku olimbikitsa anthu pa moyo ndi pa bizinesi, maulaliki, mbiri ya moyo wawo ndiponso timabuku tothandiza ophunzira pokonzekera mayeso.

Kulemba kukatha, ntchito yeniyeni imakhala itangoyamba. Zolembazo zimafunika mkonzi woti aone kalembedwe, zizindikiro za m'kalembedwe ndi kayendedwe ka nkhani. Kenako pamafunika woyala masamba pa kompyuta ndi wojambula chikuto. Buku limafunikanso nambala ya ISBN, yomwe imalizindikiritsa padziko lonse. M'dziko muno nambalayi imaperekedwa ndi nthambi yosunga mbiri ya dziko ya National Archives ku Zomba. Lamulo limanenanso kuti buku lililonse losindikizidwa m'Malawi liperekedwe ku nthambiyi kuti lisungidwe, chinthu chimene alembi ena atsopano sachidziwa, mwakuti mabuku awo amasowa m'kaundula wa dziko.

Chokhoma kwambiri ndi mtengo wosindikizira. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, motero ndalama ya kwacha ikagwa mphamvu, monga zinachitikira pamene inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa buku umakwera nthawi yomweyo. Palinso msampha wina. Kusindikiza mabuku ambiri nthawi imodzi kumatsitsa mtengo wa buku limodzi, koma kumafuna ndalama zochuluka ndipo makatoni atha kukhala m'nyumba zaka, chinyezi ndi chiswe zikuchita zake. Kusindikiza ochepa kumapepuka pathumba, koma buku limodzi limadula kufikira poti munthu wogula ufa ndi makala tsiku ndi tsiku sangalikwanitse. Walira mvula walira matope.

N'chifukwa chake mwambo wokhazikitsa buku uli ndi tanthauzo lalikulu kwa mlembi wotere. Pamwambowu mlendo wolemekezeka amagula buku loyamba pa mtengo wokwera, ndipo abale, anzake a kuntchito ndi a kumpingo amatsatira ndi zopereka zawo. Kawirikawiri ndalama za tsiku limeneli ndi zimene zimabweza ngongole ya kosindikiza. Mabuku otsala amagulitsidwa m'maofesi, m'matchalitchi ndi m'sukulu, kapena kutsatsidwa pa Facebook ndi WhatsApp, wogula n'kulipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, buku n'kutumizidwa pabasi. Mlembi akasiya mabuku m'sitolo, mwini sitolo amatengapo gawo lake ndipo ndalama zimabwera pokhapokha bukulo litagulidwa.

Mdani wina ndi kubedwa kwa luso. Buku limodzi likajambulidwa pamakina n'kugawidwa kwa kalasi yonse, kapena likafalitsidwa mwaulere m'magulu a WhatsApp, mlembi amatsala chimanjamanja. Lamulo la umwini wa luso la m'chaka cha 2016 limateteza alembi, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama kwa ojambula mabuku n'kugawira eni ake amene analembetsa ntchito zawo. Bungwe la alembi la Malawi Writers Union nalo ndi pogona pa amene akufuna uphungu wa anzawo.

Pali zitsanzo zosonyeza kuti njirayi itha kufikitsa munthu patali. Upile Chisala, amene anakulira ku Zomba, anadzisindikizira yekha buku la ndakatulo la soft magic m'chaka cha 2015, ndipo litatchuka kampani ya Andrews McMeel ya ku America inalisindikizanso mu 2019. Kuno ku Lilongwe, Shadreck Chikoti, mlembi wa Azotus the Kingdom, anayambitsa Story Club m'chaka cha 2013 kuti alembi ndi okonda zaluso azikumana ndi kuunikirana ntchito.

Kuunikirana koteroko ndi kumene kukusowa m'mabuku ambiri odzisindikizira. Mlembi akathawa mtengo wa mkonzi, buku limatuluka ndi zolakwika, ndipo wowerenga amene wakhumudwa kamodzi sabwereranso. Mutu umodzi susenza denga. Vuto lina ndi la chinenero: ambiri amalemba m'Chingerezi poyembekezera msika wa kunja kudzera pa intaneti, pomwe anansi awo ku Area 24 amalankhula, kuseka ndi kulira m'Chichewa. Mwana wokulira ku Ngwenya akapita ku laibulale ya National Library Service ku City Centre, ayenera kukapezako buku lofotokoza msewu wa kwawo, msika wa kwawo ndi mavuto a kwawo m'chinenero chake. Malinga ndi mmene msika ulili, buku lotere likhoza kuchokera kwa mlembi amene walolera kulipira yekha, ndipo adzapitiriza kulemba pokhapokha owerenga atagula buku lenileni m'malo molijambula.