Kabuku ka sikelo kasatsale popita ku doko

Usipa ukayamba kugwidwa kwina, ambirife timasamuka ndi banja lonse kukakhala ku doko lina mwezi umodzi kapena iwiri. Mvula ikagwa, tonse tili kumunda. Katemera wa ana amadukiza nthawi ngati zimenezi.

Ndondomeko yake ili chonchi. Mwana akangobadwa amalandira BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu, ndi madontho a poliyo. Akakwana masabata 6, 10 ndi 14 amabayidwa Penta, jakisoni mmodzi woteteza ku matenda asanu, kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima. Masiku omwewo amalandiranso wa chibayo ndi wa poliyo, ndipo madontho a rota, oteteza kutsegula m'mimba, amayamba pa masabata 6. Pa miyezi 9 pamabwera wa chikuku ndi wa thayifodi, kenako wa chikuku wachiwiri pa miyezi 15. Wachiwiriyu ndi amene timamuiwala kwambiri, poti mwana wayamba kuyenda ndipo timamuona ngati wakula kale. M'maboma ena, monga Mangochi ndi Machinga, mulinso katemera wa malungo amene anayamba mu 2019: pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Komabe neti tisaisiye ayi, katemerayu amachepetsa malungo, sawathetsa.

Nanga tikaphonya tsiku? Sayambiranso pachiyambi. Azaumoyo amaona m'kabuku pamene mwana analekezera n'kupitiriza pomwepo, ngakhale pa chipatala cha boma chimene sitinalembetsepo. Ndiye kabukuko tikakulunge m'pepala la pulasitiki, chifukwa m'boti madzi sachedwa kufufuta zolembazo. Chimfine kapena kachifuwa pang'ono si chifukwa chokhalira pakhomo. Tiwauze anamwino, aone okha.

Zoti mwana amatentha thupi akabayidwa n'zoona ndithu, makamaka Penta. Amalira, pantchafu pamatupa pang'ono, tsiku limodzi kapena awiri zatha. Timuyamwitse pafupipafupi, tisamufunditse zambiri. Pa BCG pamatuluka kachilonda patapita masabata angapo n'kusiya chipsera. Tisafinye, tisapakepo phulusa kapena mankhwala a zitsamba. Ndi bwinonso kudikira pachipatala mphindi 15 mwana atabayidwa, m'malo mothamangira njinga ya kabaza, chifukwa thupi likati likane katemera, zomwe sizichitikachitika, zimaonekera nthawi yomweyo anamwino ali pafupi.

Koma mwana akakomoka, akamapuma movutika, akatupa nkhope kapena kukana bere, tibwerere naye kuchipatala msangamsanga, ngakhale usiku. Chimodzimodzi thupi likatenthabe kupyola masiku awiri. Kuno kunyanja kutentha kotereku nthawi zambiri kumakhala malungo, ndipo tikamangoti "ndi katemera uja" timachedwetsa kuyezetsa magazi.

Abambo, nafenso titsegule kabukuko tisananyamuke ulendo wa panyanja, tione tsiku limene alemba. Masiku a sikelo yoyendera m'midzi amawadziwa ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lathu, ndipo tingawapemphe mashehe kuti aziwalengeza pa Jumu'ah.