Bungwe la Ofufuza za Ubongo: Kukula Kwake ndi Ntchito Imene Yatsala

M'chinenero chathu, munthu akamasinkhasinkha timati akulingalira mumtima mwake. Sitili tokha pa ganizo limeneli, pakuti ngakhale Aristotle, mphunzitsi wa nzeru zakuya wa ku Greece, ankati mtima ndiwo gwero la maganizo, ndipo ntchito ya ubongo ndi kuziziritsa magazi chabe. Koma m'dziko lomwelo ophunzira a Hippocrates analemba kuti khunyu si nthenda yotumizidwa ndi milungu ai, koma imachokera mu ubongo. Masiku ano tikudziŵa kuti iwoŵa ndiwo ananena zoona.

Tsono kudziŵa kumene nthenda imachokera n'kosiyana ndi kudziŵa mmene chiŵalocho chimagwirira ntchito. Kwa nthaŵi yaitali ofufuza za ubongo anali obalalika. Wina ankayang'ana mapangidwe a mitsempha, wina mphamvu ya magetsi yoyenda m'mitsemphayo, wina khalidwe la nyama, ndipo dokotala wa matenda a maganizo anali payekha m'chipatala. Aliyense anali ndi misonkhano yake ndi mau akeake, kotero kuti sankamvana. M'chaka cha 1962 Francis Schmitt anayamba kuwasonkhanitsa pa sukulu ya MIT ku America, ndipo mu 1969 mumzinda wa Washington munabadwa bungwe lotchedwa Society for Neuroscience, lokhala ndi mamembala pafupifupi 500.

Ku msonkhano wake woyamba, mu 1971, kunafika anthu pafupifupi 1,400. Mu 1981 bungweli linayamba kusindikiza magazini yake, The Journal of Neuroscience. Mu 1990 Pulezidenti George Bush analengeza kuti zaka khumi zimenezo zikhale zolimbikitsa kafukufuku wa ubongo. Pofika m'zaka za m'ma 2010 mamembala anali atapitirira 35,000, ochokera m'maiko oposa 80.

Nanga chinakulitsa bungweli n'chiyani? Yankho tikuliona m'moyo wa Eric Kandel, amene analitsogolera kuyambira mu 1980. Iyeyu anaphunzira udokotala wa matenda a maganizo, koma pofuna kumvetsa mmene munthu amakumbukirira zinthu, anatembenukira kwa kanyama ka m'nyanja konga nkhono, kotchedwa Aplysia, kamene maselo a mitsempha yake ndi aakulu ndiponso oŵerengeka. Anasonyeza kuti kuphunzira kumasintha mphamvu ya mfundo zimene maselo aŵa amalumikizirana, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2000. Ntchito yotere siikadatheka dokotala, wodziŵa za mankhwala ndi wodziŵa za zinyama akadapanda kukhala pabwalo limodzi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Komabe tisafulumire kuombera m'manja. Mankhwala amene anasintha chisamaliro cha odwala misala anadza bungweli lisanabadwe: John Cade anayesa lithium ku Australia mu 1949, ndipo Jean Delay ndi Pierre Deniker anapatsa odwala chlorpromazine ku Paris mu 1952. Chichokereni apo nzeru zachuluka koposa, koma mankhwala atsopano kwenikweni a matenda a maganizo akhala ochepa. Ndiponso amene alipo kale safika kwa onse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, kuti ambiri ndithu mwa iwo ali m'maiko osalemera, ndiponso kuti asanu ndi aŵiri mwa khumi alionse akhoza kuleka kugwa atalandira mankhwala oyenera.

Motero kukula kwa bungwe la sayansi tingakuyeze m'njira ziŵiri. Yoyamba ndiyo kuŵerenga mamembala ndi zolemba zawo, ndipo pamenepa bungweli lapambana. Yachiŵiri ndiyo kufunsa ngati mwana wakhunyu, amene anzake amamthaŵa poopa kuti awapatsira, wamva kuti nthenda yake ndi ya ubongo, siipatsirana, ndipo ili ndi mankhwala. Pa muyezo wachiŵiriwu ntchito idakali yaikulu.