Adapambana iye, chikho adanyamula wina

Kuno ku Mulanje tikamva za mpikisano wa liwiro, maganizo athu amathamangira ku Likhubula, kumene anyamata ndi atsikana amakwera phiri chothamanga, kudzera ku Chambe ndi ku Lichenya, n'kutsikanso mawondo akunjenjemera. Pampikisano wotere pamakhala magulu awiri a anthu: othamanga, amene thukuta limawayenderera, ndi olembera, amene amakhala pamthunzi ndi pepala m'manja. Maso a khamu amakhala pa othamanga. Koma ife lero, okondedwa awerengi, tifuna tiyang'ane dzanja la wolembera, pakuti dzanja limeneli lingathe kupatsa munthu ulemu wake kapena kumulanda.

Nkhani yathu ikuchokera kutali, ku America, ndipo ndi ya mpikisano wa galimoto. M'chigawo chathu chino cha Africa mpikisano wa galimoto wodziwika ndi uja wodutsa m'misewu yafumbi ya kutchire, umene Satwant Singh wa ku Zambia adatchuka nawo potenga ukatswiri wa Africa maulendo 8. Wa ku America umene tikunena pano ndi wosiyana. Galimoto zake zimaoneka ngati zomwe anthu wamba amagula, koma mkati mwake adazilimbitsa ndi kuzipatsa injini zamphamvu, ndipo zimazungulira bwalo limodzi maulendo mazanamazana. Bungwe loyendetsa masewerawa ndi NASCAR, lomwe adalikhazikitsa Bill France mu 1948.

Wendell Scott adabadwa pa 29 August 1921 mumzinda wa Danville, m'dera la Virginia. Dera limeneli si lachilendo m'mbiri yathu, chifukwa ndi komwe kuli mzinda wa Lynchburg, kumene Mbusa John Chilembwe adakaphunzira asadabwerere ku Chiradzulu mu 1900. Danville udali mzinda wa fodya ndi mafakitale a nsalu, ndipo ntchito za munthu wakuda zidali zodziwikiratu asadabadwe n'komwe. Scott adasankha njira ina. Bambo ake adali dalaivala komanso makaniko, ndipo mwanayo adakula akugwira sipanala. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse adatumikira m'gulu la asilikali monga makaniko ku Ulaya, ndipo atabwerako adatsegula galaja yake.

Sitibisa mbali ina ya moyo wake. Pofuna kuonjezera ndalama, Scott ankazembetsa kachasu usiku, ndipo mu 1949 adagwidwa ndi apolisi. Kumeneko kudali kuswa lamulo, ndipo sitikuyamikira. Chodabwitsa n'chakuti mu 1952, eni bwalo la mpikisano ku Danville atafuna dalaivala wachikuda woti akope anthu oonerera, adali apolisi omwewo amene adatchula dzina lake, popeza ankadziwa kuvuta kwake kwa kumupitikitsa. Eni bwalowo ankafuna chinthu choseketsa anthu, koma adapeza katswiri. Pofika mu 1959 Scott adali atatenga ukatswiri wa dera lonse la Virginia m'gulu la galimoto zomwe ankapikisana nazo, ndipo mu 1961 adalowa m'gulu lapamwamba kwambiri la NASCAR.

Tisaganize kuti khomo lidatseguka lokha. Masiku amenewo kummwera kwa America kudali malamulo a tsankho olekanitsa azungu ndi anthu akuda m'sukulu, m'mabasi, m'malo odyera ngakhale pompopi wa madzi. Akuluakulu a kuno amene adaona thangata m'minda ya atsamunda, kapena amene adagulapo katundu kudzera pawindo chifukwa khomo la sitolo silidali lawo, akudziwa kuwawa kwake. Mabwalo ena ankamubweza Scott pachipata. Pena khamu linkamukuwiza, pena madalaivala anzake ankamugunda dala. Makampani akuluakulu opanga galimoto ankathandiza anzake ndi ndalama ndi zipangizo zatsopano, pomwe iye ankagula galimoto zakale ndi zitsulo zomwe ena adazitaya, n'kumazilumikiza yekha usiku. Omuthandiza kusintha matayala ndi kuthira mafuta nthawi zambiri adali ana ake aamuna ndi anzake ochepa. Galimoto yake inkadziwika ndi nambala 34.

Tsiku lomwe tifuna tilikumbukire ndi la 1 December 1963, mwezi womwewo umene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidatha kuno kwathu. Mpikisano udachitikira mumzinda wa Jacksonville, ku Florida, pabwalo ladothi. Galimoto zimayenera kuzungulira maulendo 200, mtunda wa makilomita pafupifupi 160. Bwalolo lidali lokumbikakumbika, ndipo galimoto zambiri zidathyoka zitsulo. Scott, amene ankayendetsa Chevrolet yakale yomwe adagula kwa dalaivala mnzake Ned Jarrett, adadziwa kusamala galimoto m'maenje monga adziwira madalaivala athu a misewu ya kumudzi nthawi ya dzinja. Kutatsala maulendo 25, adapitirira Richard Petty, mmodzi mwa akatswiri otchuka a masewerawa, amene galimoto yake idali itayamba kuvuta, ndipo kuyambira pamenepo palibe adamupitiriranso.

Atamaliza ulendo wa 200 adayang'ana kwa munthu wogwira mbendera yosonyeza kutha kwa mpikisano, koma mbenderayo siidakwezedwe. Adazunguliranso, osakwezedwa. Adazungulira kachiwiri, momwemonso. Mbendera adaikwezera Buck Baker, mzungu amene adali pambuyo pake. Baker adalandira chikho, adajambulitsa zithunzi, khamu lidaomba m'manja n'kubalalika. Scott adadandaula, ndipo patatha maola awiri, bwalo lili mbee, akuluakulu adavomera kuti olembera adalakwitsa: wopambana adali Scott, amene adazungulira maulendo 202. Ndalama za wopambana adampatsa, koma chikho chidali chitapita. Ambiri amakhulupirira kuti sikudali kulakwitsa konse, koma kuti akuluakuluwo adaopa kuona munthu wakuda ataima pamalo aulemu pambali pa mtsikana wachizungu wopereka mphoto. Motero munthu wakuda woyamba kupambana m'gulu lapamwamba la NASCAR adapita kwawo chimanjamanja, wopanda chikho chosonyeza ana ake.

Ambiri a ife tikadataya sipanala tsiku lomwelo. Scott adapitiriza kwa zaka zina khumi. Mu 1966 adamaliza chaka ali pa nambala 6 mwa madalaivala onse, ngakhale adalibe kampani yomuchirikiza. M'moyo wake adapikisana maulendo 495 m'gulu lapamwambali, ndipo maulendo 147 adamaliza ali pakati pa khumi oyambirira. Mu 1973 adalowa m'ngongole kuti agule galimoto yabwino imene adailakalaka kwa zaka zambiri, koma pabwalo la Talladega galimotoyo idaphwanyika pangozi yokhudza galimoto zambiri, ndipo iye adavulala kwambiri. Chaka chomwecho adasiya mpikisano. Adamwalira ndi matenda a khansa pa 23 December 1990, ali ndi zaka 69.

Makolo athu adati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Mwambiwu ndi woona, ndipo timawaphunzitsa ana athu. Koma tikhale oona mtima: Scott adasunga khosi mpaka kumanda, mkandawo osauvala. Mu 2015 dzina lake lidalembedwa m'nyumba yolemekezera akatswiri a NASCAR, ndipo pa 28 August 2021, pabwalo la Daytona, bungweli lidapereka chikho cha mpikisano wa ku Jacksonville kwa banja lake. Padali patadutsa zaka pafupifupi 58 chichitikire mpikisanowo, ndi zaka zoposa 30 mwini wake ali m'manda. Mu October chaka chomwecho Bubba Wallace adapambana pabwalo la Talladega, lomwe lija lidavulaza Scott, nakhala munthu wakuda wachiwiri kupambana m'gululi. N'zabwino kuti cholakwa chidakonzedwa, koma ana ndi zidzukulu ndi amene adalandira chimene mwini wake adachikhetsera thukuta.

N'chifukwa chake tanena kuti tiyang'ane dzanja la wolembera. N'kosavuta kuwerenga nkhani imeneyi n'kudziika m'malo mwa Scott, pakuti aliyense wa ife ali ndi chikho chake chimene amati adalandidwa. Chovuta n'kuvomera kuti nthawi zambiri ife ndi amene tagwira mbendera. Amene ayeza chimanga kapena nandolo pamsika wa Limbuli kapena Chitakale wagwira mbendera. Amene alemba kulemera kwa tiyi amene mayi wathyola kuyambira m'bandakucha wagwira mbendera. Mphunzitsi wochonga mayeso, mfumu yoweruza malire a munda wa mayi wamasiye, mlembi wa komiti amene asankha maina a olandira thandizo, bambo amene walemba waganyu n'kumuuza kuti abwere mawa dzuwa litalowa kale, onsewa agwira mbendera. Ngakhale m'nyumba zathu, mwana wa malemu achimwene amene tikumulera akakhoza mayeso kuposa mwana wathu wobereka, kodi mbendera timamukwezera, kapena timayang'ana kumbali?

Tionenso kuti tsiku lija ku Jacksonville padalibe munthu amene adatenga chikwanje kapena mfuti. Choipa chonse chidachitika ndi dzanja lomwe lidangokhala chete pamene limayenera kukwezedwa. Anthu ambiri adaona, ndipo ena adawerenga bwino lomwe maulendo a galimoto nambala 34, koma adasankha kudikira kuti khamu lichoke. Chilungamo chodikira kuti mboni zibalalike ndi chilungamo cholumala. Amene timati tidzakonza mawa, tikumbukire kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo wolakwiridwayo sakhala ndi moyo mpaka kalekale kudikira kuti ife tilimbe mtima.

Kwa achinyamata athu a kabaza ndi a minibasi amene amayenda pamsewu wa Limbe mpaka ku Muloza, tili ndi mawu awiri. Loyamba, liwiro la Scott lidali la m'bwalo lotchingidwa, mopanda ana asukulu ndi amayi osenza nkhuni. Msewu wathu si bwalo la mpikisano. Lachiwiri, chimene chidamupambanitsa sichidali kuponda mafuta kokha, koma kudziwa galimoto yake chitsulo ndi chitsulo ndi kuisamala pamene anzake ankathyola zawo. Luso lotere silifuna chuma chambiri kuti liyambe. Lifuna khama, kudziletsa ndi manja osaopa girisi.

Ndipo kwa ife tonse, tisadagone usiku uno, tidzifunse: kodi pali munthu amene adamaliza ulendo wake kalekale, koma akuzungulirabe chifukwa ife sitidakweze mbendera? Mwina ndi wantchito amene tili naye ngongole ya malipiro. Mwina ndi mayi a kunyumba amene sitidawathokozepo. Mwina ndi mnzathu amene ntchito adagwira iye, kuyamikiridwa n'kulandira ife. Ngati alipo, tisadikire zaka 58. Timupatse chikho chake akadali ndi manja ochilandirira.