Sitima sitikuikana, koma tipatseni basi yosunga nthawi

Tsiku lina mwezi wathawu ndidakhala maola awiri m'minibasi pa Liwonde, injini ikulira koma galimoto osasuntha. Kondakitala ankangokuwa kuti, "Watsala mmodzi, tikupita!" Chonsecho atatu mwa amene adakhala kutsogolo adali anyamata a pasiteji pomwepo, ongonamizira ulendo.

Pambali panga padali mayi wina wa geni ya matemba, wochokera cha ku Nayuchi, ulendo wa ku msika wa Balaka. Ndidamva akudandaula chamumtima, ndiye ndidawafunsa chavuta n'chiyani.

"Achimwene, opikula amabwera m'mawa," adatero mayiwo. "Ndikafika masana ndigulitsa modzibera ndekha, apo ayi ndigona pa depoti."

Tili chikhalire choncho, sitima ya malasha idadutsa kulowera kum'mawa, mabogi ndondondo osatha. Mayi aja adangoiloza ndi mlomo nati, "Ija ikadakhala yathu."

Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri ku Balaka ndi ku Machinga, ndipo ali ndi pogwira. Njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi idatsegulidwa mu 1970, ndipo sitima ya anthu idalera mabanja ambiri a geni chifukwa idali yotchipa komanso yosakana katundu. Koma tinene chilungamo, abale. Boma lidapereka njanji m'manja mwa kampani ya CEAR mu 1999, ndipo chimangireni a Vale a ku Brazil njanji yochokera ku Moatize kudzalumikiza pa Nkaya, ntchito yaikulu ya njirayi ndi kutengera malasha ku doko la Nacala. Ndalama zili m'malasha, osati m'dengu la matemba. Sitima ya anthu siyenda tsiku ndi tsiku, pamene msika ndi sukulu sizidikira.

China n'chakuti sitima imapita komwe kuli njanji basi. Nanga wa ku Ntaja, wa ku Nselema, wa ku Ulongwe akwere chiyani? Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Chomwe tili nacho pafupi ndi msewu.

Makolo athu amasimba za UTM, imene a Stagecoach adaigula mu 1989 n'kudzaisiya mu 1997, pomwe idasanduka Shire Bus Lines. Ine ndidaonako kumapeto kwake ndili mwana. Mabasi ake ankafa panjira, sindikukana, koma munthu unkadziwa nthawi yonyamukira, mtengo unkalembedwa pa tikiti, ndipo katundu adali ndi malo ake. Itagwa Shire Bus Lines, mabasi abwino adathamangira mseu wa Blantyre ndi Lilongwe kumene kuli makwacha. Ife a m'maboma tidatsala ndi minibasi, matola ndi kabaza.

Eni minibasi sindikuwada. Mafuta adakwera, zipangizo zidakwera, makamaka kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu sangayendetse galimoto yopanda anthu chifukwa chokonda dziko lake. Vuto ndi dongosolo loti galimoto inyamuke pokhapokha itadzaza. Pa dongosolo limeneli amene amalipira ndi wokwera, ndipo amalipira ndi nthawi yake. Ndisadalekeze sukulu ku Zomba, ndidaphonyapo mayeso a m'mawa kaamba ka "watsala mmodzi" yemweyu.

Tsono tichite chiyani? Maganizo anga ndi awa.

Choyamba, makhonsolo a Balaka ndi Machinga akhale pansi ndi nthambi ya Road Traffic komanso eni galimoto, agwirizane za basi yonyamuka pa nthawi yoikika, kaya yadzaza kaya ayi. Tiyambe ndi ziwiri patsiku, ya mbandakucha ndi ya masana, kuchoka pa Balaka kudutsa Liwonde mpaka Nsanama ndi Ntaja.

Chachiwiri, amene wapatsidwa malo abwino oimikira pa Liwonde kapena pa Balaka, kumene kuli phindu, apatsidwenso udindo wofika ku Nayuchi. Asamangodya mnofu, fupa n'kusiyira anzake.

Chachitatu, mtengo wa munthu ndi wa thumba ulembedwe pa bolodi pa depoti. Zoti mtengo uzisintha poona nkhope ya munthu kapena mitambo ya mvula zithe. Ana a sukulu oonetsa chiphaso achotseredweko pang'ono.

Chachinayi, mseu wa Nsanama mpaka Nayuchi ukhale wodutsika chaka chonse. Palibe mwini basi angaponye galimoto yake m'matope dala. Ndalama za ziphaso za m'misika ndi m'madepoti zimene timadula tsiku ndi tsiku zizionekako ntchito yake.

Wina anena kuti basi yotere idzaluza. Mwina miyezi yoyamba. Koma wa geni akadziwa kuti 5 koloko m'mawa basi imachoka ndithu, adzadzuka 4 koloko kukaidikira, ndipo sidzasowa anthu.

Mayi a matemba aja tidasiyana pa Balaka dzuwa litapendeka, opikula atapita kale. Aphungu ndi makhansala athu, inu mumayenda pa galimoto zanu. Tsiku limodzi lokha dzakhaleni nafe pasiteji pa Liwonde, mudzamve nokha kuti "watsala mmodzi" amatenga maola angati.