Mabuku a bizinesi ndi phunziro la nandolo kwa Chiwalo

Alimi ndi mavenda a nandolo m'boma la Phalombe, kuphatikizapo a m'dera la T/A Chiwalo, sadzaiwala chaka cha 2017. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake mbewuyi inali golide, moti ambiri adakuza minda ndipo ena adalowetsa mpamba wawo wonse pogula matumba oti asunge podikira mtengo wabwino.

Mu August chaka chimenecho, dziko la India, lomwe limagula nandolo wambiri wa kuno, lidalamula kuti lizilowetsa matani 200,000 okha pachaka kuchokera kunja. Mtengo udagwa, ndipo m'madera ena udafika pansi pa K100 pa kilogalamu. Wosunga matumba adatsala akulimbana ndi anankafumbwe. Anzathu a ku Mozambique adapumako chifukwa boma lawo lidali litasainirana kale mgwirizano wapadera ndi India mu 2016.

Chodabwitsa n'chakuti ngozi yotereyi idafotokozedwa kalekale m'buku la bizinesi. Mu 1980, Michael Porter wa pa sukulu ya ukachenjede ya Harvard ku America adatulutsa buku lotchedwa Competitive Strategy. Iye ankalembera makampani akuluakulu, koma mfundo zake zikhoza kuthandiza ngakhale wa benchi pa msika wa Nambazo.

Porter akuti phindu la malonda aliwonse limadalira zinthu zisanu: mpikisano wa amene akugulitsa kale katunduyo, kuphweka kwake koti ena alowe nawo m'geniyo, katundu wina amene angalowe m'malo mwake, mphamvu za amene amakuodetsani, komanso mphamvu za ogula. Pa nandolo, mphamvu zonse zidali kwa wogula mmodzi. Venda wa kwa Chiwalo amagulitsa kwa wa galimoto, wa galimoto amakatula ku makampani a ku Limbe ndi Blantyre, ndipo makampaniwo amayang'ana ku India. Mu 2021 Malawi idasainirana ndi India mgwirizano wa matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, koma phunziro silidasinthe: amene msika wake uli ndi khomo limodzi asaike mpamba wonse pa katundu mmodzi, ndipo asamasunge mbewu yogula ndi ndalama ya katapila.

Mafunso asanuwa amagwiranso pa geni ya nsomba. Matemba a m'nyanja ya Chilwa akakwera mtengo, mayi wogula ndiwo sakakamira, amatembenukira ku bonya, mazira kapena soya pieces. Nyanjayonso idaphwapo mu 1968, 1995, 2012 ndi 2018. Wogulitsa nsomba wanzeru amadziwiratu kumene angakapikule nsomba zina, kapena geni ina yomwe angagwire, madzi akayamba kuthawa kugombe.

Pa nkhani ya tomato ndi zitumbuwa, vuto ndi lakuti aliyense akhoza kuyamba mawa lomwe. Anthu khumi akayala katundu wofanana pamzere umodzi, chotsala ndi kutsitsirana mitengo mpaka onse kubwerera kunyumba chimanjamanja. Porter akuti njira zopulumukira ndi zitatu: kupeza katundu motchipa kuposa anzako, kusiyanitsa katundu wako ndi wa anzako, kapena kusankha gulu limodzi la ogula n'kulitumikira bwino. Pamsika wa kumudzi izi zikutanthauza kusonkherana thiransipoti pokaoda, kusankha ndi kupeta bwino mbewu, kukhala ndi sikelo yosabera, kapena kugwirizana ndi malo odyera ndi aphunzitsi a pasukulu kuti aziperekeredwa katundu sabata iliyonse.

Buku lina lothandiza ndi The E-Myth la Michael Gerber, lomwe lidatuluka mu 1986. Mfundo yake ndi yakuti kudziwa ntchito sikutanthauza kudziwa kuyendetsa bizinesi ya ntchitoyo. Mayi akhoza kukhala katswiri pokazinga mandasi, koma ngati zonse zili m'mutu mwake, geni imaima tsiku lomwe wadwala kapena wapita ku maliro. Gerber amalangiza kuti ntchito iliyonse ikhale ndi ndondomeko yomwe munthu wina angatsate.

Apa ndi pamene utsogoleri umayambira kwa mwini okala. Mphwake kapena mlamu akamatsala pa kauntala, ayenera kuuzidwa momveka bwino mitengo, malire a kunenerera, amene angapatsidwe ngongole ndi amene sangapatsidwe, komanso malipiro ake. Katundu awerengedwe pomusiyira ndi pomulandira. Ambiri amaopa kuti kuwerengera wachibale n'kumunyoza, koma chibale chimasweka kwambiri pamene ndalama yasowa popanda cholembedwa.

Mabuku osavuta kwa wamalonda wamng'ono ndi a maphunziro a Start and Improve Your Business, a bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO. Amaphunzitsa kagulidwe ka katundu, kasungidwe kake, kawerengedwe ka ndalama zolowa pa katundu aliyense ndi kalembedwe ka kaundula. Umodzi mwa mitu yake ndi kulekanitsa thumba la bizinesi ndi thumba la pakhomo. Sopo wotengedwa pa shelefu kupita kubafa alembedwe ngati wagulidwa, ndipo mwini geni adzipatse malipiro odziwika m'malo momangotapa m'kabati.

Kulemba kumaululanso phindu labodza. Mwachitsanzo, wa golosale aode katoni ya katundu pa K50,000 ndipo agulitse yonse pa K58,000. Iye angaganize kuti wapindula K8,000. Koma akachotsa K4,000 ya thiransipoti ndi chiphaso cha msika, n'kupeza kuti katoni yomweyo tsopano ili pa K60,000 kooda, ndiye kuti mpamba wake wachepa ndi K6,000. Izi zidachitikira ambiri ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, komanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mtengo wogulitsira uzitsata mtengo wokaodera mawa, ndipo foni imodzi kwa mnzake wa ku Limbe kapena ku Migowi isanathe katoni ikhoza kupulumutsa geni.

Si zonse za m'mabukuwa zomwe zingagwire kwa Chiwalo. Olemba ake ankaganizira maiko omwe ngongole za kubanki ndi zotsika chiwongoladzanja, inshuwalansi ndi yosasowa ndipo misewu imadutsika chaka chonse. Sankadziwa za namondwe Freddy, yemwe mu March 2023 adakokolola minda, nyumba ndi milatho m'boma la Phalombe. Malangizo oti munthu akongole zambiri kuti akule msanga ndi oopsa kwa amene katundu wake yense ali m'nyumba ya zidina zosawotcha. Kuno chitetezo ndi kusunga kangachepe ku banki mkhonde kapena pa foni, ndi kusaunjika katundu yense malo amodzi nyengo ya dzinja.

Vuto lina ndi lakuti mabuku ambiriwa ali m'Chingerezi ndipo ndi okwera mtengo. Komabe gulu la banki mkhonde likhoza kugula limodzi, ngakhale logwiritsidwapo kale ntchito, n'kupempha membala wodziwa Chingerezi kuti azifotokoza mutu umodzi pa mkumano uliwonse, ena n'kumayerekeza ndi geni zawo.

Poyambira penipeni ndi kope la sukulu ndi cholembera. Tsamba lililonse likhale la tsiku limodzi la msika: zooda, zogulitsa, zotengera kunyumba, okongola ndi mtengo wa tsikulo. Pakatha chaka, kopelo limauza mwini wake mwezi umene nandolo amakwera, katundu amene amagona pa shelefu ndi kasitomala amene sabweza ngongole.