Nambala yomwe imatsegula kapena kutseka njira ya katundu wopita kunja

Katundu aliyense wamalonda wotuluka m'dziko muno, kaya padoko la Nkhata Bay kupita ku Mbamba Bay m'dziko la Tanzania kapena pachipata cha Songwe, amayenera kulembedwa pansi pa nambala ya gulu lake. Nambalayo ndiyo imathandiza bungwe lotolera misonkho la MRA kudziwa ngati katunduyo angodutsa, afunika chilolezo kapena ndi woletsedwa.

Manambalawa amachokera mu ndondomeko ya Harmonized System, yomwe bungwe la World Customs Organization la ku Brussels lidayamba kugwiritsa ntchito mu 1988. Manambala 6 oyambirira amafanana m'maiko oposa 200.

Zokolola za m'boma la Nkhata Bay nazo zili ndi malo ake m'ndondomekoyi. Tiyi wa ku Kawalazi ali pa 0902 ndipo labala wa ku Vizara ali pa 4001. Mbuna zamoyo zimene azungu amaweta m'magalasi zili pa 0301, pamene usipa wouma uli pa 0305.

Chimene chimasokoneza amalonda ambiri n'chakuti chinthu chimodzi chimasintha gulu malinga ndi mmene chakonzedwera. Mtengo ukakhala chipika uli pa 4403, ukachekedwa matabwa uli pa 4407, ndipo ukasanduka tebulo uli pa 9403. Kusiyanaku n'kwakukulu chifukwa boma limakhwimitsa malamulo pa zipika za mitengo yachilengedwe pofuna kuteteza nkhalango.

Mphamvu zoletsa zili m'lamulo la Control of Goods Act la 2018, lomwe limalola nduna ya zamalonda kusankha katundu amene sangatuluke popanda chilolezo. Chimanga chimalowa m'gululi pofuna kuteteza chakudya cha dziko, ndipo zitsulo zakutha zimalowamo pofuna kuchepetsa kuba kwa mawaya ndi mapaipi.

Palinso katundu amene angagwire ntchito yamtendere komanso yankhondo. Yureniyamu wa ku Kayelekera m'boma la Karonga ndi chitsanzo: amapangira magetsi, koma angathenso kupangira mabomba. N'chifukwa chake amayang'aniridwanso ndi lamulo la Atomic Energy Act la 2011.

Pa makina ndi luso lamakono, nambala payokha sikwanira. Maiko 42 a mumgwirizano wa Wassenaar wa 1996, kuphatikizapo South Africa, amayang'ananso mphamvu za chipangizocho ndi amene akachigwiritse ntchito. Dziko la Malawi silili mumgwirizanowu, komabe Mmalawi woitanitsa makina otere angafunsidwe kalata yofotokoza ntchito yake asanamugulitse.

Wamalonda wolemba nambala yolakwika, mwadala kapena mosadziwa, angalandidwe katundu ndi kulipitsidwa chindapusa. Choncho ndi bwino kufunsa ku MRA ndi ku unduna wa zamalonda katundu asanakwezedwe m'sitima kapena m'galimoto.